Matayala Amene Asodzi Anawakana

Ku Msumba, kuseri kwa nyumba za aphunzitsi, kunali mtengo wa mango umene pansi pake pankakhala mkazi wachiwiri wa atate. Sanali munthu ayi. Kanali kagalimoto kobiriwira, kakang'ono koti anthu asanu n'kudzaza, kamene atate anagula kwa kalaliki wina wachipwitikizi pamene azungu ankamanga katundu kubwerera kwawo. Dzina loti mkazi wachiwiri anakapatsa ndi amayi, ndipo sanalakwitse. Lamlungu lililonse tikaweruka kutchalitchi, atate ankavula jekete, n'kutenga ndowa ndi nsanza, n'kukasambitsa kuyambira kumaso mpaka kumbuyo. Amayi ankati iwo chikwatiwire sanapukutidwepo kumsana ndi chikondi choterocho.

Nkhondo yapachiweniweni itakula, petulo anangotsala wa m'nkhani. Kagalimoto kaja anakakweza pa miyala inayi, nkhuku n'kupeza mthunzi pansi pake. Matayala akumbuyo analipobe bwino, koma akutsogolo anachita ming'alu ngati zidendene za m'chilimwe. Atate sankada nazo nkhawa, chifukwa anali ndi chuma chobisika. Pa sanja ya kudenga kwa nyumba yathu panali matayala awiri atsopano, okulungidwa m'masaka, osapondapo dothi chibadwire, akadali ndi tindevu tawo ta rabala. Iwo ankawatchula kuti mapineu, monga ankanenera anthu ophunzira. Kamodzi pachaka ankakwera kukawaona, n'kusisita mano ake, n'kutsika akutilonjeza kuti tsiku lamtendere adzawamanga kutsogolo n'kutitengera ku Lichinga kukadya buledi. Dzanja m'kati mwa tayala sankalowetsamo. Mphunzitsi, munthu wa choko, sadziwa kuti tayala lili ndi m'mimba.

Amene ankadziwa za m'mimba mwa tayala anali amjomba Barnaba, mlongo wawo wa amayi. Anali msodzi, ndipo kunena zoona ndi ukonde wawo umene unkatidyetsa, popeza malipiro a atate ankafika m'sitolo n'kupeza mashelefu okhaokha. Ulusi wosokera maukonde unasowa gombe lonse. Asodzi anatulukira kuti ukasenda rabala la tayala, pansi pake pamagona mizere ya ulusi wolimba. Ankausolola umodziumodzi, kuupala ndi mpeni, kuupota pa ntchafu, n'kusokera ukonde. Chikopa chotsalacho ankadula nkhwayira. Choncho kuyambira ku Metangula mpaka ku Chiwanga ndi kupitirira, tayala lililonse lakale linadyedwa, kunja ndi mapazi, m'kati ndi nsomba.

Chaka chimene ndinali ndi zaka khumi, ukonde wa amjomba unakodwa m'miyala n'kung'ambika chibowo choti ng'ombe n'kudutsapo. Ulusi panalibe. Tinadya chigwada chopanda mchere masabata atatu, mpaka mlongo wanga wamng'ono ankalira akangomva mtondo ukulira. Ndiye tsiku lina atate ali m'kalasi, ndinaona amayi ataima pakati pa nyumba, manja m'chiuno, maso kudenga. Anayang'ana kumeneko nthawi yaitali. Kenako anatenga makwerero, n'kundipatsa kampeni kosendera chinangwa.

Amjomba anandiphunzitsa ntchitoyo monong'ona, ngakhale kuti panyumba panalibe wina womva koma nkhuku. Kunja kwa tayala kusakhudzidwe. Ndilowetse dzanja m'kati, ndisende kakhungu kakuda, ndikole ulusi umodzi ndi mbedza, ndikoke pang'onopang'ono. Manja a akuluakulu sankatha kutembenuka m'menemo, anga ndiye ankachita kuvina. Ulusiwo unandicheka chala cholozera mpaka kusiya mzere umene sunafufutike. Poyamba tinati tichotsa wongotseka chibowo chija basi. Koma ukonde suleka kung'ambika, ndipo njira ya kudenga ukaidziwa suiiwala. M'zaka ziwiri ndinawakolola matayala onse awiri. Kunja ankaonekabe ngati akwati, m'kati munangotsala mphepo.

Atate ankadya usipa ndi utaka mokoma mtima, akuyamikira khama la alamu awo. Tsiku lina pakudya anatiuza kuti titengere chitsanzo kwa amjomba, munthu wodziwa kupeza njira pamene ena akungolira. Amayi anatsamwa ndi munga umene panalibe.

Zinthu zinatembenuka ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri, amayi ali ndi pakati potopa. Mzamba wa ku Metangula atawapima ananena mosabisa kuti mwana wagona chopingasa, ndipo matenda akawayambira kunyanja kuno tidzaika maliro awiri. Anafunika kukadikirira kuchipatala chachikulu ku Lichinga. Masiku amenewo msewu wokwera phiri sunkayendwa ndi galimoto imodzi. Kunali koluna, mdipiti wa magalimoto operekezedwa ndi asilikali kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo lamulo lake ngakhale mwana ankalidziwa: galimoto ikafa m'phiri, koluna siima. Wotsalayo ankatsala ndi zigawenga, anyamata a m'tchire. Malole ankanyamula anthu pamwamba pa matumba a nsomba zouma, koma mzamba analetsa kuti mayi wa mimba yotero asakwezedwe pamenepo.

Atate anada nkhawa, zimenezo sindingawanamizire. Koma m'maso mwawo munalinso kakuwala kena. Tsiku linali litafika loti mkazi wachiwiri apulumutse mkazi wamkulu. Makaniko wina wa mabwato a asilikali, amene mwana wake anaphunzira kuwerenga m'manja mwa atate, anabwera ndi batire ndi chigubu cha petulo. Anagona pansi pa kagalimotoko masiku awiri akutukwana m'Chipwitikizi. Kenako injini inatsokomola, makoswe banja lathunthu n'kutuluka kumbuyo, kagalimoto n'kulira. Koluna inali yonyamuka Loweruka m'mawa.

Lachinayi atate anatsitsa chuma chawo kudenga. Anachivundukula pabwalo anthu akuona, n'kumagubuduza matayalawo uku ndi uku ngati munthu woonetsa ana amapasa. Atapempha ufa wa chinangwa wothira m'kati kuti machubu asamatirire, amayi analumphira nkhaniyo msanga, akuti ntchito imeneyo achite Sesi, ali ndi timanja. Sesi ndine, Sesiliya. Ndinathira ufa wambiri wokwirira machimo anga onse, n'kulonga machubu. Atate anamanga matayalawo kutsogolo, n'kuwapopa pang'ono galimoto ikadali pa miyala. Ankaoneka okongola moti ndinatsala pang'ono kuwakhulupirira.

Ndinatsatira amayi kukhitchini n'kuwauza kuti ndikuopa.

"Tayala likadali ndi khungu lake," anatero. "Ku Lichinga si kumwamba, lifika. Ndipo iwe ukangotsegula pakamwa, undiyalutsa pamaso pa atate ako."

Amayi sanali munthu wopusa, koma za matayala ankaziyesa za chinangwa. Ankaganiza kuti ulusi wa m'tayala uli ngati mtsitsi wa pakati pa chinangwa, umene umausolola n'kutaya chinangwacho n'kukhalabe chinangwa. Ndinathamangira kugombe kukafunsa amjomba. Atamva kuti matayala aja amangidwa kale, nkhope yawo inasintha. Anati ulusi ndiwo umagwira mphepo, rabala ndi chovala chabe, ndipo matayala amenewo sangaone ngakhale nyumba zoyamba za ku Maniamba. Ndinawapempha kuti akawauze atate. Munthu wamkulu, wopalasa bwato pa mwera osaphethira, anakumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi ukonde woti akaone kutsidya kwa miyala. Ndinawaona akukankha bwato mofulumira kuposa masiku onse.

Ndiye nkhani inatsalira ine. Kunena kunali kuyalutsa amayi ndi kuitana mkwapulo. Kukhala chete kunali kuwasiya amayi pakati pa phiri, ndi mimba yawo, malole akupita. Ndinali mwana, koma masamu amenewo sanandivute.

Lachisanu m'mawa ndinapeza atate akupukuta galasi la kutsogolo. Ndinawauza kuti matayalawo alibe ulusi, ndinauchotsa ndine, ndekha, ndipo unapita ku ukonde. Anaitana anyamata a sukulu kuti atsitse kagalimotoko pa miyala, n'kutenga pampu, n'kuyamba kupopa. Atapopapopa, pambali pa tayala la kumanja panatukuka chotupa chachikulu ngati papaya. La kumanzere linatulutsa ziwiri. Atate anavula magalasi, kuwapukuta, kuwavalanso, koma zotupazo zinalipobe.

"Wadya mapineu anga," anatero motsitsa mawu.

"Tadya tonse, atate. Inu mumakonda mitu ya nsomba."

Sindidziwa kuti mawu amenewo anachokera kuti. Dzanja lawo linakwera m'mwamba, linaima komweko, n'kutsika lokha. Amayi anali pakhomo akutakasa m'poto mopanda kanthu. Kuyambira pamenepo atate analeka kundilankhula. Akafuna kanthu ankauza mpweya kuti wina amuuze mwanayu abweretse chakuti. Mkwapulo ukadakhala bwino, chifukwa umatha.

Amjomba anagwidwa kugombe n'kubwera chipewa chili m'manja. Atate sanataye nthawi ndi milandu, dzuwa linali likukwera. Anangofunsa ngati m'dziko lonse la m'mbali mwa nyanja muli tayala limene asodzi sanalidye.

"Alipo awiri, alamu," anatero amjomba, maso ali pansi. "Koma ndi achabechabe. Ndi a waya."

Apa ndi pamene tinamva nkhani imene amjomba ankaibisa ngati chilonda cha pamalo oipa. Chaka china anapalasa mpaka ku Likoma ndi madengu a usipa, n'kusinthanitsa ndi matayala awiri ochokera ku kagalimoto kena kakang'ono. Anali a mano abwino, olemera, ndipo amjomba anabwerera akuimba. Atafika kwawo n'kulowetsa mpeni, mpeniwo unabenthuka. M'malo mwa ulusi wosololeka munali waya wolukanalukana, wosathandiza ukonde, wosadulika nkhwayira. Gombe lonse linawaseka mwezi wathunthu. Chifukwa cha mkwiyo anawagawa ulere. Limodzi linali kwa amayi Dorika, ophika kachasu, komwe linkagwira ntchito ya mpando. Linalo linali kwa a Sitefano, oimba belu la tchalitchi, ndipo amjomba atafika pamenepa anayamba kukanda m'mutu. Linali pakamwa pa chimbudzi.

Atate anafunsa nambala yake, ngati ndi treze, kutanthauza khumi ndi zitatu, muyeso wa malimu a kagalimoto kathu. Amjomba anati iwo tayala saliwerenga, amaligwira. Anathyola bango, kuliyeza pa limu, n'kulidula. Tinanyamuka motsogozana, atate ndi tayi yawo patsogolo, amjomba ndi bango lawo pakati, ine wosalankhulidwa pambuyo ndikugubuduza matayala otupa aja oti tikasinthanitse.

Kwa amayi Dorika kunali kale anthu ngakhale kunali kusanafike masana. Ataona aphunzitsi akulowa m'mpanda anaimirira ndi ulemu wonse umene miyendo yawo inalola. Mmodzi yekha sanaimirire, ndipo ndi amene anakhalira tayalalo. Anati iye wakhala pampando umenewo zaka zitatu, sachokapo pokhapokha a profesolo, aphunzitsi athuwa, alawe. Atate, amene ankaphunzitsa ana kuti kachasu ndi mkodzo wa Satana, anayang'ana dzuwa, anayang'ana tayala, n'kulandira kabotolo. Anatsokomola mpaka misozi, zidakwa zikuomba m'manja. Atapeza mpweya anagwada n'kuwerenga manambala a pambali pa tayalalo, ndipo analidi treze. Amjomba anaika bango lawo, nalonso linakwana ndendende. Anakanganabe njira yonse kuti wadziwa ndani poyamba.

A Sitefano anatilandira mwaulemu, n'kumva chimene tadzera. Tayalalo analiika pakamwa pa dzenje n'kulimata ndi dothi kuti mchenga usagumukire m'kati. Anati kulitenga titenge, moyo wa munthu ndi waukulu, koma banja lawo likaima pati mawa m'mawa? Atate anatembenuka n'kuyang'ana tayala lawo latsopano, la tindevu, limene analisunga kudenga zaka zoposa khumi kudikira tsiku lamtendere. Analinyamula okha n'kulowa nalo m'chimbudzimo. Mnzake anali atatsala kale kwa zidakwa.

Pofukula la waya lija aliyense ankasunga mpweya wake. Atalitulutsa padzuwa, atate anayang'ana mano ake ali chapatali. Amjomba ndiye analigwira ngati mbuzi ya pamsika. Analipondereza ndi bondo, kulipinda milomo, kuligogoda ndi chibakera akumvetsera, kenako n'kulowetsa dzanja m'kati n'kuzunguliza monse.

"Palibe wakhudzamo," anatero monyansidwa. "Tayala ili lilibe ntchito."

Atate anati chiyambire sanamvepo umboni wabwino wa tayala woposa umenewo. Kenako anauza mpweya kuti wina amuuze mwanayu akalitsuke. Ndinaligubuduza kudutsa m'mudzi monse mpaka kunyanja, agalu akunditsatira, amayi otsuka mbale akusamukira kumtunda kwa mphepo. Ndinalikwecha ndi mchenga mpaka manja kuyera. Amjomba anakhala pa bwato lawo akudandaula za ulusi wotsalira m'matayala atsopano aja, umene tsopano unapita kukatumikira matako a anthu.

Madzulo atate anamanga matayala a waya aja kutsogolo, ndipo Loweruka m'mawa tinali ku Metangula. Asilikali anatiika pakati pa malole awiri, kagalimoto kathu kakuoneka ngati mwanapiye pakati pa ng'ombe. Amayi anagona chammbali pampando wakumbuyo, mutu uli pamiyendo panga. Ine ndinatengedwa kuti ndikawaphikire ndi kuwachapira kuchipatala. Titayamba kukwera phiri, fumbi la lole yakutsogolo linatikwirira, miyala ikumenya pansi pa galimoto. Ndinkamvetsera matayala akutsogolo kuposa mmene ndinamvetsererapo ulaliki uliwonse. Atatentha, la kumanzere linayamba kukumbukira kumene linachokera, fungo n'kulowa pazenera. Amayi anayamba kuseka, akugwira mimba, akupempha kuti tisawaseketse.

Kuseka kunatha titafika pokhota pena pamene m'mbali mwa msewu munali mafupa a magalimoto opsa, atatu kapena anayi, udzu utamera m'mazenera. Imodzi inali yaing'ono ngati yathu. Koluna inawonjezera liwiro, atate anagwira chiwongolero mpaka mitsempha kuonekera. Ndinamva mutu wa amayi ukulemera pamiyendo panga. Anali ataona nawonso, ndipo ndikhulupirira kuti ndi pamenepo pamene anamvetsa kuti tayala si chinangwa.

"Atate ake Sesi," anatero. "Mpeni uja ndinamupatsa ndine."

Atate sanachotse maso pamsewu.

"Ndikudziwa. Mwana sakwera kudenga popanda womugwirira makwerero."

Tinayenda pang'ono. Kenako atate anati, "Sesi, apatse madzi amako."

Aka kanali koyamba dzina langa kutuluka m'kamwa mwawo chichokere Lachisanu m'mawa. Ndinalira mpaka theka la madziwo linathera pa chitenje cha amayi. Ndinazindikira kuti mkwiyo wonse uja sunali wanga ndekha. Atate analibe kwina koutula, popeza mayi wapakati sakalipiridwa, ndiye anausenzetsa ine amene ndinali ndi mutu wopanda katundu.

Tinalowa mu Lichinga dzuwa litapendeka, matayala onse anayi ali ndi mphepo yawo. Patapita masiku atatu madokotala anawang'amba amayi n'kutulutsa mwana wamwamuna, wamoyo, wolira ngati wina wamubera. Anabatizidwa Filipe, koma dzinalo lili m'mabuku okha. Ku Msumba konse ndi Waya. Lero amayendetsa chapa, minibasi ya pakati pa Metangula ndi Lichinga, ndipo sakondwa ndikamauza okwera ake kuti iye anabwera padziko atakwera pakamwa pa chimbudzi cha a Sitefano. Ndinanenanso pa ukwati wake, ndipo ndidzanenabe.

Kagalimoto kaja katabwerera kunyanja sikanayendenso ulendo wautali. Mtendere utabwera kanali katatopa, buledi wa ku Lichinga tinakadya pa lole. Atate anamwalira akukapukutabe Lamlungu lililonse, ndipo amayi, amene anakanyoza zaka zonsezo, anakana kukagulitsa kwa ogula zitsulo. Amati mkazi mnzawo sapita kulikonse, anawanyamula pa tsiku loipa.

Masiku ano msewu uja uli ndi phula, ulusi wa maukonde uli m'sitolo iliyonse, ndipo ana a asodzi sadziwa n'komwe kuti m'tayala munkatuluka ndiwo. Inenso ndili ndi kagalimoto kanga kakang'ono kotengera ana kumudzi. Ndikapita kukagula matayala, wogulitsa amandiyalira mitundumitundu, awa a mvula, awa a msewu wafumbi, awa okhalitsa, akundiwerengera manambala ngati atate. Ndimamvetsera mwaulemu. Akamaliza ndimakwinya dzanja la bulauzi, n'kulowetsa dzanja m'kati mwa tayala lililonse, n'kuzunguliza monse. Wina anandifunsapo chimene ndimafuna m'menemo, ndinamuuza kuti ndikuona ngati palibe wadyamo. Anaseka, akuti amayi, ndani angadye tayala latsopano? Ndinangoyang'ana mzere uja pa chala changa cholozera, n'kumuuza kuti amange awiriwo kutsogolo.